Ulemu Wanga kwa Apongozi Unagwetsa Ndege

Ndiyambe ndi mfundo zikuluzikulu, monga timachitira kuntchito: palibe anafa, palibe anathyoka, ndipo ndegeyo anaikonza. Zotsalazi ndimazifotokoza nditayang'ana kumbali.

Akonzi a nyuzipepala ananditumiza ku esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli kuti ndikalembe za kandege kothira feteleza m'minda. Mudzi wa mkazi wanga uli pafupi pomwepo, ndipo kumeneko ndinali ndi mlandu wosazengedwa. Apongozi anga aakazi ankanditenga ngati munthu wa m'tauni wopanda mwambo, chifukwa tsiku lina ndinawalonjera manja ali m'thumba. Pofuna kudzikonzera mbiri, ndinatumiza uthenga woti ndikubwera kudzalandira ndege. (Uthengawo unafika kumudzi utanenepa.)

Bwalo loterapo kandegeko ndi kamzere ka udzu pakati pa tiyi, ndi shedi yaitali yosungiramo feteleza. Tsikulo mphepo inkatsika m'phiri modukizadukiza, ikudutsa bwalolo chopingasa. Kwa ndege yaing'ono, yoipa ndi imeneyo. Ndege potera imafuna mphepo yakumaso. Yam'mbali imalowa kunsi kwa phiko n'kuikankhira kutchire. N'chifukwa chake pabwalo pamapachikidwa kathumba kansalu, koti woyendetsa aone ali m'mwamba kumene mphepo ikulowera ndi mphamvu yake. Kapabwaloli kanali katang'ambika m'mawa womwewo.

A Muhiwa, kapitawo wa pamenepo, anamangirira chitenje chofiira kunsungwi. Anthu awo onse anali kalikiliki kuthamangitsa mbuzi pabwalo, ndiye anatembenukira kwa ine.

"Atolankhani, manja muli nawo?"

"Ndili nawo."

"Imani apa poyera, nsalu m'mwamba. Musasunthe, olo ikulumeni njoka."

Njoka ndikanapirira. Koma ndege itangoyamba kumveka, ndinaona apongozi akubwera ndi amayi anzawo a kutchalitchi, atavala za pa Sande, m'kanjira kolunjika pomwe ndinaimapo.

Amene munakwatira kuno mukudziwa. Mkamwini saima chilili panjira ya apongozi ngati mtengo wa magetsi. Amapatuka, amanjuta, maso pansi. Miyendo yanga sinafunse mutu. Ndinapatukira kuseri kwa shedi n'kunjuta, nsungwi ili chiimire m'manja, ndikudziyamikira kuti ntchito ndikugwira, ulemu ndikupereka. (Kuseri kwa shedi kulibe mphepo. Chitenje chinangoti lende ngati chayanikidwa m'nyumba. Ine sindinaone, maso anali pansi.)

Apongozi anagwada patali, nkhope atalozetsa kwina.

"Mwaswera bwanji, bambo a Tadala?"

"Ndaswera, mayi, kaya inu?"

"Ife tilipo. Nanga ku Blantyre mwawasiya bwanji?"

Moni wa apongozi sadulira pakati. Ndege inazungulira pamwamba pathu tili pa nkhani ya mvula. Tinali pa chifuwa cha Tadala pamene matayala anagunda pansi.

Mphepo inabwera yonse pamodzi. Phiko lakumanzere linanyamuka, ndege inathamanga ndi tayala limodzi, inakhota, n'kukalowa m'tiyi, phwaa! Mphuno pansi, mchira m'mwamba, ngati nkhuku ikutola chimanga. Amayi a kutchalitchi anakuwa, mbuzi zinabwerera pabwalo.

Woyendetsa anali mayi wamfupi wa ku Lilongwe. Anatuluka akudzisansa masamba a tiyi, osatsimphina n'komwe.

"Anagwira nsalu ndani?"

A Muhiwa analoza ndi mlomo.

"Bambo, nsalu yanu inandiuza kuti mphepo yaleka. Kuseri munakatani?"

"Apongozi anafika."

"Ndiye?"

A Muhiwa, amene ndimayembekeza kuti andimeza wamoyo, anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Komatu adona, apongozi ndi apongozi."

Amuna onse okwatira anagwedeza mitu kuvomereza. Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana ndege yake, n'kupempha mpando.

M'nyuzipepala ndinalemba kuti mphepo yam'mbali inakankhira ndege m'munda wa tiyi, ndipo palibe bodza m'menemo. Kumudzi nkhani inatuluka mwina. Apongozi anaima pamsonkhano wa amayi n'kunena kuti, "Akamwini a anzanga amalonjera ali panjinga. Wanga anagwetsa ndege kuti andipatse moni." Tsopano ndikafika amandiphera nkhuku.

Akamwini anzanga ndiwo saseka nane. Mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga anandipeza pachigayo n'kundifunsa mozizira kuti, "Ndiye ife tigwetse chiyani, achimwene, minibasi?"

Phunziro ndinatolapo limodzi: mkamwini asamapatsidwe ntchito yoimirira kufupi ndi kwawo kwa mkazi wake. Zonjutazo, oyendetsa ndege andikhululukire, sindinasiye.