Gitala Yanga, Apongozi ndi Oimba a Loweruka

Lolemba

Kwatentha kuyambira m'mawa. Mbuzi zonse za kwa Kasisi zabisala pansi pa ngolo, ine ndekha ndili pa njinga ndi chimkuzamawu chobwereka, kulengeza kuti Loweruka lino kuli chikondwerero cha nyimbo pa bwalo la mpira. Choyamba m'mudzi muno! Wokonza ndine, wolengeza ndine, wotsekera ndinenso.

Oimba ake ndi awa, ndipo ndikamawatchula mtima ukuchita kudumpha:

Kwaya ya kumpingo kwathu, otsegulira.
A Zuze a ku Marka ndi ulimba wawo wa mitengo ndi zikho, uja umamveka mpaka kutsidya.
Bandi ya anyamata odula nzimbe ku esiteti. Ali ndi kiyibodi yeniyeni!
Msuweni wanga Daisoni, amene masiku ano akufuna tizimutcha Ng'ona. Nyimbo ali nayo imodzi, koma ndi yaitali.
Amayi ovina utse, owatsogolera ndi apongozi anga.
Ine ndi gitala, dzuwa likamapendeka.

Ndilembe chifukwa chake, kuti ndikafooka ndizikumbuka. Pano ndine mkamwini. Chikwatirire Felista, ine ndi mayi ake sitinalankhulanepo, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo amayang'ana kumbali. Mawu athu onse amadzera mwa Felista. Ndiye mawu amene adzera mwa Felista mwezi uno ndi akuti mwamuna wongokhalira kukanda mawaya pansi pa msawu sapindulira mudzi, gitala igulitsidwe tigule pampu yopondaponda ya kudimba.

Ndapempha mwayi umodzi. Yankho labwera: bwalo likadzaza Loweruka, gitala ikhala. Likapanda kudzaza, ipita.

Gitala imeneyi ndi chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho m'mudzi muno, kupatula malaya. Bwalo lidzaza basi.

Lachiwiri

Tsiku la msika. Ndaima pakati pa ogulitsa nsomba ndi a zitenje, chimkuzamawu pakamwa. Kwaya, ndatchula. A Zuze, ndatchula mokokomeza. Anyamata a nzimbe, ndatchula mpaka dzina la woimba kiyibodi. Kufika pa amayi a utse, lilime lauma. Mkamwini angatchule bwanji dzina la apongozi, pa chimkuzamawu, pamsika? Ndangoti kudzakhalanso amayi ena olemekezeka okhala kuseri kwa mjigo.

Ndisanafike n'kunyumba komwe nkhani yafika kale. Felista wandipeza ndikumwa madzi. "Akuti a ku Marka mwawatchula dzina mobwerezabwereza, iwo eni mudzi mwawasandutsa amayi ena." Ndamutuma akafunse ngati mawa ndiwatchule. Wabwerako msanga. "Akuti mungoyerekeza."

Ndiye nditani ine?

Madzulo atcheya a kwaya abwera ndi nkhope ya pamaliro. Komiti yakhala pansi, yagwirizana kuti sangaimbe za kumwamba pa bwalo limene anthu adzagwedezepo ziuno tsiku lomwelo. Ndawakumbutsa mwaulemu kuti theka la amayi a kwayayo ndi omwewo ovina utse. Akuti n'chifukwa chake.

Palibe kanthu. Kwaya timaimva Lamulungu lililonse, ulere. Atsala asanu, ndipo ndi asanu amphamvu.

Lachitatu

Kumanga nsanja. Zofunika: migolo, mathabwa, mabango a mthunzi, ndi munthu wodziwa kukhoma misomali. Zitatu zoyambazo ndazipeza.

Pochokera kumtsinje ndi mtolo wa mabango pa njinga, ndangoona apongozi akubwera kutsogoloku ndi ndowa pamutu. Njira ndi yopapatiza, uku minga, uku minga. Ndasankha minga ya kumanzere. Njinga yagwa, mabango amwazika, ine chagada m'chitsamba. Iwo adutsa pang'onopang'ono akuyang'ana kumwamba, madzi osatayika n'dontho lomwe. Felista wathera masana onse akundizula minga kumsana, akuseka mpaka misozi.

Daisoni watumiza zofuna zake: jenereta, madzi ozizira, ndiponso aimbe pomaliza chifukwa oimba akuluakulu amatsekera. Ndamuuza kuti wotsekera ndine. Zoona zake, kuno kuchigwa palibe wofuna kuimba dzuwa lili paliwombo, chifukwa nthawi imeneyo owonerera amakhala abuluzi okha.

Nkhani yabwino: a Zuze aimba foni. Anyamuka Lachisanu pa kabaza, ulimba auyeretsa kale. "Pyadidi, zonse zili bwino, shamwali, tikumana pa bwalo." Ndamva mtima kuzizira.

Nkhani yoipa: kwabwera wometa wina wa ku Dyeratu, akuti anamva kuti pano pali gitala yogulitsa. Waigwiragwira, waigogoda kumsana ngati akugula chivwende. Ndamulanda. Akuti abweranso Lamulungu.

Ndayeserera nyimbo zanga pansi pa msawu. Ija yonena za madzi osefukira yatuluka bwino kwambiri, Felista anasiya kusenda nandolo n'kumvetsera mpaka kumapeto. Apongozi akadzangoimva imeneyi, za pampu adzaiwala.

Lachinayi

Anyamata a nzimbe sabwera! Awasinthira shifiti, Loweruka akuotcha munda ndi kudula. Kapitawo wawo akuti nzimbe sizidziwa za kiyibodi.

Ndakhala pa mgolo kulingalira, kenako ndakumbukira vuto lina lalikulu. Anyamata amene amaimbira ng'oma amayi a utse ndi a bandi yomweyo. Apita ndi manja awo.

Felista wapita kukanena. Wakhalitsako. Pobwera wangokhala pakhonde n'kuyamba kumasula mpango. "Akuti utse wopanda ng'oma ndi kungoyenda. Akutinso amene anaitana anthu ndi amene apeze ng'oma."

Ndazungulira midzi itatu kusaka woimba ng'oma. Woyamba dzanja latupa, chinamuluma chinkhanira. Wachiwiri akugona kudimba kulondera mvuu, akuti chimanga chake sichingadikire chikondwerero. Wachitatu anatembenuka mtima chaka chatha, ng'oma anaipereka kwa atcheya a kwaya.

Ndapitabe kumsika kukalengeza oimba atsopano, amene ndi akale omwe kuchotsapo ena. Chodabwitsa, anthu ayamba kundidikira. Ndikangotulukira pa njinga, ogulitsa nsomba akusiya makasitomala n'kufunsa kuti lero atsala angati. Mayi wina wa mandasi akuti sanasekepo chonchi chiyambire chilimwe. Kuseka kapena kusaseka, akumvetsera, ndipo womvetsera amabwera.

Atsala anayi. Ulimba wokha ungadzaze bwalo. Ndikukhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Lachisanu

Foni ya a Zuze. Kabaza anatitimira mumchenga pa mtsinje wouma asanafike n'ku Bangula komwe, agwa onse atatu: woyendetsa, a Zuze ndi ulimba. Anthu ali bwino. Zikho zonse za pansi pa ulimba, zimene zimakuza mawu, zaphwanyika. "Nkhabe kwanisa, shamwali, sizitheka. Ulimba wopanda zikho ndi nkhuni." Amveka ngati akufuna kulira, moti ine ndi amene ndawapepesa.

Ndathamangira kwa Daisoni kukamuuza kuti tsopano ndiye wotsegulira. Wavula magalasi akuda n'kundiuza kuti Ng'ona situluka masana. Bodza lenileni, ng'ona zonse za mu Shire zimaothera dzuwa masana! Wakwera minibasi, akuti ali ndi zokambirana ku Nchalo.

Oimba a mawa:

Apongozi, opanda ng'oma.
Ine.

Ndalengeza pamsika monga mwa masiku onse, chifukwa mwamuna sathawa chimene anayamba. Kenako mkulu wina wogulitsa mbuzi wafunsa kuti, "Nanga awirinu mukaima pati?" Msika wonse wagwa ndi phwete.

Felista akuti gitala iimbire utse m'malo mwa ng'oma. Ndamuuza kuti wapenga. Woimbira utse amayang'ana wotsogolera gule, mapazi ake ndi chiuno chake, kuti adziwe posinthira. Ine ndiyang'ane chiuno cha apongozi? Pamaso pa mudzi wonse? Bola mvuu indiponde. Iye wangoti zimenezo ndimusiyire, n'kupita kwa mayi ake. Yankho labwera lalifupi: "Akuti zitenje achapa kale."

Ndili ndi mantha, ndisaname. Osati a manyazi okha. Ndapukuta gitala ndi kansalu, ndamanga waya uja amavuta. Mwina mawa anthu abwera. Anthu a kuno sakana zaulere.

Loweruka

Ndilembe msanga ndisanaiwale kanthu.

Felista wabwera pa bwalo ndi mphasa yathu yogonera ndi nsungwi ziwiri. Waimika mphasayo pakati pa nsanja ngati khoma. Ine mbali iyi, pa mpando, kuyang'ana kumtsinje. Apongozi ndi amayi awo mbali inayo. Iye waima kumapeto kwa mphasa, poonekera konsekonse, ndi mpango m'manja: akaukweza ndifulumire, akautsitsa ndichepetse.

Anthu abwera! Koma onse aunjikana malo amodzi, kutsogolo kwenikweni, pamene munthu angaone mbali zonse ziwiri za mphasa. Akankhana, akwerana pamapewa, ena ali pa golo. Kwina konseko bwalo lili mbee, mbuzi zikudya udzu. Sanabwerere nyimbo anthu amenewa, abwera kudzaona mkamwini ndi apongozi ake pa thabwa limodzi.

Nyimbo yoyamba, chisokonezo. Amayi ali kumadzulo, gitala ili kum'mawa, mpango ukukwera ndi kutsika ngati Felista akuthamangitsa ntchentche. Wina wakuwa kuti tibweze ndalama, chonsecho sanalipire.

Yachiwiri, ndasiya kuyang'ana mpango. Mathabwa aja sindinawakhome bwino, ndiye phazi lililonse la amayi likumafika mpaka pa mpando wanga. Pali phazi limodzi lolemera, losaphonya, lotsogolera onse. Ndalidziwa mwini wake. Ndalitsatira. Ndasiya zokanda mokoma, ndayamba kumenya mawaya ndi dzanja lonse, chala chachikulu chikugogoda thabwa la gitala. Wezulo walira kuseri kwa mphasa, amayi alandira nyimbo, nthungululu zabuka, ndipo anthu aja aiwala chimene anadzera. Mayi wa mandasi wasiya beseni n'kulowa m'bwalo. Ngakhale atcheya a kwaya ndawaona kumbuyo, phewa limodzi likuwapandukira.

Kenako kamvulumvulu. Wachokera ku golo ya kumtunda, wanyamula fumbi ndi mapepala, wafika pa nsanja. Mphasa yagwa. Ine apa, apongozi apo, maso ndi maso, thukuta lili chuchuchu tonse awiri.

Kothawira kulibe, pansi pa nsanja pali migolo. Ndatsinzina zolimba, dzanja osaliimitsa. Ndipo phazi lija ndalimvanso m'thabwa, silinaphonye n'kamodzi komwe. Felista akuti mayi ake anangotembenuka mwa gule momwemo n'kupitiriza atandipatsa msana, amayi onse n'kutembenuka nawo ngati anachita kupangana. Phokoso limene anthu anachita, a kutsidya ayenera kuti alimva.

Amayi sanafune kutsika. Nyimbo pamwamba pa nyimbo, ine chitsinzinire. Pamene amatopa dzuwa linali litalowa, udzudzu wayamba ntchito, anthu akubalalika. Ndayandikira chimkuzamawu kuti tsopano ndiimbe zanga, ndapeza mabatire atha. Ija ya madzi osefukira yamvedwa ndi mbuzi ziwiri ndi Felista.

Lamulungu

Bwalo silinadzaze. Ndayesa kuliwerengera mwaubwino m'mutu mwanga, koma mbuzi sizilowa m'chiwerengero. Pangano ndi pangano.

Titangoweruka kutchalitchi, wometa uja wafika. Ndatulutsa gitala ndekha, kuti asachite kulowa m'nyumba. Zala zatupa, ndipo sindinafune kuti Felista andione nkhope.

Ndili pakhonde chomwecho, ndangoona apongozi akudutsa pabwalo kulunjika kwathu. Ndadzuka kuti ndizembere kuseri kwa bafa, Felista wandigwira malaya. Iwo akhala pansi chapatali pang'ono, chammbali, akuyang'ana ku khola la nkhuku. Auza wometa kuti wayenda ulendo wachabe, katundu ameneyu ali ndi ntchito. Kenako, osatembenukira kwa Felista, anena ndi ine:

"Bambo, nyimbo yachiwiri ija munathamanga. Loweruka likubwerali tili ndi chinkhoswe kwa Lundu. Musatichititse manyazi."

Ndayankha kuti ndamva, amayi. Mawu atuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu. Adzuka, akung'untha chitenje, apita. Ndakhala pansi, ndipo ndasangalala kwambiri moti ndachita manyazi.

Ndiye zinthu zili chonchi. Gitala yatsala, koma si yanganso kwenikweni, ndi ng'oma ya amayi a utse. Nyimbo zanga palibe wazifunsa. Pampu kulibe, kotero kuyambira mawa kudimba ndizithirira ndi ndowa, m'mawa kusanatenthe. Daisoni watumiza uthenga kuti chaka chamawa ndimuike pomaliza.

Madzulo ano ndikuyeserera pansi pa msawu. Felista akuvina pafumbi kuti ndizolowere kuyang'ana mapazi okha, ndipo akuti ndikuthamangabe.