Januwale Womangidwa Chingwe Kumwendo

Usiku wathawu ndinalota maloto oti munthu wosayenda sangawalote. Lufeyo, siya kaye tayalalo ubwere udzamve, chifukwa maloto a munthu amene pasipoti yake inadzaza zidindo mpaka pachikuto safanana ndi ako aja othamangitsidwa ndi galu.

Nonse mukudziwa kuti ine Gostino Chikaonda ndinayamba ndi kumata machubu a njinga pansi pa mtengo, lero theka la galimoto za mu Lilongwe zikuyendera matayala otuluka pakhomo la shopu ino. Ku Joni ndimapita ngati kuseri kwa nyumba. Ku Dar es Salaam amandilonjera ndi dzina. Ku Dubai, komwe ndimakapikula masipeya, ndikhoza kuyendako nditatsinzina. Koma mkazi wanga, amake Mayeso, mayiko onsewa amangowaonera pa zithunzi zanga. Chaka chino atenga pasipoti, ndiye dzulo tikudya anandiikira mawu patebulo.

"Bambo a Mayeso, mawa m'mawa mundiuze mwezi wa ulendo wathu wa ku Dubai. Ine ndikufuna kukayenda ndi miyendo yanga mumzindamo, ndikajambulitse nditaima panja, osati kukabindikira m'chipinda. Mapazi angawa mukuwadziwa, kukatentha amatupa. Mukaphonya mwezi, pasipotiyi ndiika pansi pa matiresi, nkhani ya ulendo ithere pomwepo."

Ndinaseka. Funso lotere n'lofunsa ine? Mwezi wozizira ndi Juni, ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Ndinagona nditasankha kale, jekete laubweya lomwe ndinawagulira lili chikolekere kuchitseko.

Ndiye ndikuona sutikesi yanga yaikulu ija yatsika yokha pamwamba pa wadiropu, yandigwedeza phazi. "Bwana, tachedwa," inatero. Kutuluka panja, pamsewu paima minibasi ya mapiko a malata, kondakitala akuitanira, "Juni, Juni, awiri otsala." Tinakwera, amake Mayeso atavala jekete lija, sutikesi ili pampando wakutsogolo ikukangana ndi dalaivala za mpira. Ndiye tinadutsa pamwamba pa zigafa za fodya za ku Kasungu, kenako madzi okhaokha, kenako mchenga okhaokha, mwadzidzidzi kondakitala wamenya denga, akuti, "Dubai, otsika."

Chitseko chitangotseguka, mpweya unandiwomba mbama. Musandiuze za kutentha kwa ku Nsanje, kumene kuja n'kwa ana. Jekete linayamba kulira. "Pepani mayi, ntchito iyi si imene ndinalembedwera," linatero, n'kudzivula lokha, n'kukwawira kunsi kwa mpando. Phula la msewu linkabwata ngati mafuta m'chiwaya cha tchipisi. Nyumba yaitali ija ndimakuonetsani pafoni, yobaya mitambo ija, inali itawerama mpaka pansi, ikubisa mutu mumthunzi wa mapazi ake. Mumsewu munalibe munthu, koma mphaka mmodzi yekha, atavala masilipasi.

"Tiyeni tiyende," ndinatero. "Kumawotcha chonchi pofika basi."

Sitinafike patali. Nsapato za amake Mayeso zinaima. "Ife tathera pano," inatero yakumanja, yakumanzere n'kuvomera. Kuyang'ana pansi, mapazi a mkazi wanga atupa ngati maungu. Ndinatulutsa kamera kuti bola tijambule pomwepo, kamera inatsinzina. "Diso ndili nalo limodzi, bwana. Sindiliwonongera dzuwa ili."

Ndiye amake Mayeso anandigwira mkono. "Tiyeni tizipita kwathu, bambo a Mayeso. Ndizionera pa zithunzi zanu monga kale." Sanakalipe ayi, ndipo kusakalipako n'kumene kunandilasa.

"Palibe akubwerera," ndinatero. "Juni ameneyu ndi wachinyengo. Ine ndinabwerapo kuno mu Juni weniweni, ndinkachita kunjenjemera."

Mwadzidzidzi kabokosi koyera, kaja kamapemerera mpweya wozizira m'maofesi, kanasuzumira pawindo la sitolo n'kutsokomola. "Bwana, kuzizira munakumvako ndinali ine. Kubwalo la ndege ndinali ine. M'galimoto anali mng'ono wanga. Kumasipeya kuja anali amalume. Panja munaimapo liti?"

"Khala chete, ndiwe chipangizo chabe," ndinakayankha. Sindinafike pamene ndilipa pomvera mabokosi.

Ndiye ndinamasula chitenje chawo, n'kuwabereka amake Mayeso kumsana ngati khanda, ulendo wofunafuna wamkulu woyang'anira nyengo. Sutikesi inkatsogola ikufunsa njira kwa mitengo ya magetsi, mpaka tinafika pachitseko cholembedwa kuti Ofesi Yogawa Nyengo. M'katimo munakhala bwana wa tayi wofiira akutafuna kanthu.

"Mwandipatsa Juni wolakwika," ndinatero. "Ndikufuna wozizira uja, wa mabulangete."

"Bambo, mwachokera kuti?"

"Ku Malawi. Koma ndine woyenda."

Anapitiriza kutafuna. Akutafuna chomwecho khosi likutalika, milomo ikulendewera, kumsana kukutumphuka linunda, mpaka tayi uja anali pakhosi pa ngamira. "Juni wanu wozizirayo ndi wa kumunsi kwa dziko," inatero ngamira. "Kuno kumtunda nyengo zimagona mutu uli kumiyendo. Inu mukamawotha moto, ife timakazinga mazira pa boneti ya galimoto."

"Ndiye ndisinthireni."

"Katundu wotengedwa sabwezedwa."

"Bwana, ine ndimagulitsa matayala. Mawu amenewo ndimawadziwa, timangowalemba pakhoma."

Ngamira inaseka mpaka tayi anagwa, ndiye inaloza ndi mlomo chitseko chakuseri. Kumeneko tinapeza mayi wa magalasi, mkulu wa ofesi yonse. Anadzuka kuti atilandire, koma phazi lake linatenga nthawi kuti lifike pansi, diresi likusintha mtundu, lobiriwira, lachikasu, lotuwa, ndiye ndinazindikira kuti tikutsatira birimankhwe. Ndinapirira. Munthu wofuna chinthu amayenda pa liwiro la mwini chinthucho.

Anatifikitsa pakhola lalikulu. M'kholamo munali miyezi, yomangidwa pazikhomo ngati mbuzi za pamsika. "Sankhani nokha," anatero birimankhwe.

Apa ndiye panali pa ntchito yanga. Ndinawatsitsa amake Mayeso, n'kuyamba kuyesa miyezi monga ndimayesera tayala, kuiponda, kuidina ndi chala, kuizungulira. Epulo anandiyetsemulira fumbi kumaso. Ogasiti anandiwotcha chala ndisanamukhudze n'komwe. Okutobala anandizindikira. "Bwana Chikaonda, muli kunonso? Kwanu kuja ndimakuzunzani, koma kuno ndine wofatsako pang'ono."

"Za pang'ono sindifuna," ndinatero. "Mayi awa ayenda mzinda wonse wapansi."

Ndiye pakona ndinaona Januwale atagona phee, akupuma kamphepo konga ka m'mawa ku Dedza. Ndinamudina, ali bwino. Ndinamuponda, osadandaula. Amake Mayeso anaika phazi pamsana pake, kutupa kuja n'kuyamba kuphwa. Nsapato zinayang'anizana. "Uyu ndiye tingagwire naye ntchito," inatero yakumanja.

"Ndatenga uyu," ndinatero, n'kumukoka.

Koma Januwale sanasunthe. Kumwendo kwake kunali chingwe china, chachitali, chodutsa pa mpanda, kudutsa mchenga, kulowa m'madzi. Ndinakoka. Ndinakokanso. Mwadzidzidzi ndikuona chinthu chobiriwira chikubwera chikukhukhuluzika pamwamba pa nyanja, ndipo chitafika ndinachizindikira: munda wa chimanga wa amake Mayeso wa ku Mpingu, wonse wathunthu, ndi chulu chake, ndi mtengo wake wa mango. Unadzayala mizere yake pakati pa msewu waukulu wa mu Dubai. Udzu unali utakula kuposa chimanga.

"Amayi sachoka ife tisanapaliridwe," chinatero chimanga, chonse pamodzi, ngati ana a sukulu.

Amake Mayeso anachotsa phazi pa Januwale. "Zoona, bambo a Mayeso. Januwale ndi dzinja kwathu. Ine sindingakajambulitse kunja munda ukudyedwa ndi udzu."

"Ndilemba aganyu."

"Aganyu amangokwirira udzu, sadula mizu. Mvula ikagwa wadzukanso. Munda wanga umapaliridwa ndi manja a pakhomo, ndipo manja a pakhomo ndi angawa okha. Anuwo anazolowera kugwira pasipoti."

Birimankhwe anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili pamunda. "Bambo, Juni alibe chingwe cha munda, mukhoza kumutenga lero. Januwale amabwera ndi munda wake. Sitimudula."

Anzanga, munthu wamba akanabwerera pamenepo. Koma ine ndinayang'ana mkazi amene wakhala akundikonzera sutikesi zaka zonsezi, n'kumatsala pachipata akubayibitsa. Ndinavula jekete la suti n'kulipatsa ngamira ija, yomwe inatitsatira, kuti indigwirire. Ndinavula nsapato zosongoka zija. Ndinapinda buluku mpaka m'mawondo.

Khasu linatuluka mumzere n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bwana, ndi manja ofewawo? Mutuluka matuza musanafike pachulu."

"Manja awa anachotsapo tayala la thirakitala popanda chitsulo," ndinaliuza. "Bwera kuno."

Ndiye ndinayamba. Go. Go. Go. Mzere woyamba unadutsa pakati pa masitolo a golide. Wachiwiri unakwera masitepe oyenda okha n'kutsikira mbali inayo. Thukuta linkatsika, matuza anatuluka monga linanenera khasu, msana unayamba kuyankhula chilankhulo chake, koma sindinaumvere. Amake Mayeso anali mumzere wa pambali, akundidzudzula. "Mukusiya udzu kuphazi kwa chimanga. Weramani." Ndinawerama, ine Chikaonda. Khasu lililonse likagwa, nyumba yaitali ija inkadzuka pang'ono, anthu ankatuluka m'masitolo, mphaka uja anavula masilipasi n'kuwanyamula kukamwa.

Mzere womaliza utatha, chingwe chinamasuka chokha kumwendo kwa Januwale, munda n'kutsazika mwaulemu, n'kubwerera kwawo. Kamphepo kanadzaza mzinda. Amake Mayeso anayenda, anzanga. Anayenda msika wa zonunkhira wonse akununkhiza chilichonse, anayenda m'mbali mwa madzi, anayenda mpaka ine woyendayenda ndinapempha kupuma. Ndiye anakaima patsogolo pa nyumba yaitali ija, itaongoka bwinobwino, anakonza duku, n'kuika dzanja m'chiuno.

"Jambulani tsopano, bambo a Mayeso. Nyumbayo ioneke yonse, ndi ine ndemwe."

Kamera inatsegula diso. Ndinaika chala pabatani. Koma m'malo mwa kulira kwa kamera ndinamva go, go, go. Ndinadinanso. Go, go, go.

Kutsegula maso, kunja kwayera, jekete laubweya lili chikolekere kuchitseko. Phokoso lija likuchokera pabwalo: amake Mayeso akukhomera khasu mumpini pamwala, kukonzekera mizere mvula isanagwe.

"Mwadzuka?" anafunsa pawindo. "Mwezi uja ndi uti?"

"Januwale, tikangomaliza kupalira," ndinatero. "Munthu woyenda amadziwa kuti Juni kumeneko ndi moto. Koma makasuwo mukonze awiri."

Kenako ndinamva chitseko cha kosungira zipangizo chikutseguka, mpini wina ukukokedwa pansi, ndiye pamwala paja panayambanso: go, go, go.