Magetsi a m'matope

Anzanga, sekani ndithu, ine ndinadziseka kale. Kusukulu ya kwacha kwathu ku Misuku kunabwera alangizi, a Kayange, atanyamula ndowa ya matope, makala, mawaya ndi kababu. Akuti m'madzi onunkha otsukira khofi aja muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tikamadya zonyansazo timatulutsa magetsi, madziwo n'kumayera. Analumikiza waya, kababu kaja ngwee! Ine mtima unauluka.

Pobwerera, nkhuni zili pamutu, ndinkangoona nyumba yanga ikuwala pamwamba pa phiri, nkhungu ikuizungulira, akutsidya akulozerana, ine ndili phee pansi pa babu ndikuwerenga mosadodoma. Mawa lake ndinapempha kababu ndi mawaya, n'kukatunga madzi a khofi aja. A Kayange anachenjeza kuti, "Mama, tizilomboti timafuna masabata ndithu, musatisokoneze." Masabata? Ine wobzala nyemba lero, mawa n'kukafukula kuti ndione ngati zamera? Ndinauziratu kalasi yonse kuti Loweruka abwere adzaone magetsi kwa Nakamba, ndiye ineyo.

Kutacha kababu zii. Ndinati mwina tagona, ndinatakasa ndi mthiko. Zii. Ndinati mwina ndi njala, ndinathiramo thobwa. Zii. Ndinati kapena ndi kuzizira kwathu kuno, ndinasendeza ndowa pafupi ndi moto n'kuifunditsa chitenje changa chakutchalitchi. Pofika Loweruka, fungo lake mayo ine! Ngakhale galu anasamukira kwa aneba. Alendo akubwera, nyumba ikununkha chonchi, mukanatani inu? Ndinakumbukira kolorini wa azaumoyo uja, ndinakhuthuliramo botolo lonse. Fungo linatha, ine n'kusamba n'kutchena.

Azimayi anafika, anakhala pamphasa, a Kayange n'kugwada pa ndowa. Analumikiza, palibe. Anagwedeza waya, palibe. Kenaka ananunkhiza.

"Mama, mwathiramo chiyani umu?"

"Kolorini pang'ono, alangizi, wopha tizilombo."

Mawuwo ndinawamva bwino atatuluka kale m'kamwa. A Kayange anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Ndiye mwapha antchito anu onse, mama."

Kenaka Nasilumbu, mnzanga wokhala naye benchi imodzi, anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, anabwera chokwawa n'kundigwira dzanja nkhope ili gwa. "Phepani chomene, Nakamba. Anadwala nthawi yaitali?" Basi azimayi onse pamzere, aliyense kudzandipepesa, wina mpaka kuyambitsa nyimbo ya maliro, wina kufunsa ngati adzukulu auzidwa kale zokumba manda. Thobwa lomwe ndinaphikira chikondwerero anamwa ngati la pasiwa, n'kupempha lina.

Ndowa ina ndatchera, ili kuseri kwa khola. Ndalumbira kuti sindiiyandikira, ndipo ndikamadutsa pamenepo manja ndimaika kumbuyo. Zoferedwa kawiri ine ayi.