Tsiku Limene Ndinapitirira Molumbo

Seka bwino, iwe Alifonso, ndi mano ako awiriwo, koma amene akuti ndikunama aimirire andisonyeze pamene dziko limathera, aloze mpanda wake, kenaka andiuzenso chimene chili kuseri kwa mpandawo. Mwangoti zii? Ndiye tsamiritsani njingazo mumve.

Nkhondo itatha tinawoloka mtsinje wa Ruo kuchokera ku kampu ya ku Malawi kubwerera kwathu kuno ku Milange tili awiri, ine ndi mkazi wanga Marita, pomwe pothawa tinali atatu. Mwana wathu Rozina, wa zaka zinayi, kolera anamutenga, tinamusiya m'dothi la eni. Ndiye Lamulungu lina a padiri atalalikira kuti zolengedwa za Mulungu zilibe malire, mtima wanga unayamba kugunda ngati mtondo, chifukwa ngati zilibe malire ndiye kuti Milange sali mmodzi, ndipo pa a Milange onsewo payenera kukhala wina kumene kolera anamuphonya mwana wanga.

Ndinapopa njinga, n'kunyamuka kukamufuna osatsanzika, ndinadutsa Mongue, ndinadutsa Molumbo, matayala atatha ndinafutsamo udzu, udzu utatha ndinayendera malimu, malimu atatha ndinangopalasa mphepo yokhayokha, ndipo pokweza maso ndinaona phiri lathu lomweli, msika womwewu, ngakhale iwe Alifonso unalipo, koma wa mano onse. Mukumva? Ndinafunsa za Rozina, anati adamwalira ku kampu. Ndinapitirira. Milange wachitatu, adamwalira. Wachikhumi, adamwalira, ndipo kuwerenga ndinasiya poona kuti ndikadutsa zana, otsala kutsogolo sakuchepa ndi mmodzi yemwe.

Miyendo itakana ndinaimitsa chapa, basi yaitali, mutu wake ndikuuona koma mchira ayi, yodzaza mopanda polowetsa chala, koma kondakitala anangokuwa kuti, "Aliyense asunthire mpando wa kumbuyo kwake!" ndipo onse anasuntha, palibe anatsika, mpando wakutsogolo n'kutsala wanga. Ndinacheuka. Okwera onsewo anali ine, chipewa chomwechi, chigamba chomwechi pabondo, aliyense maso ali pazenera. Ndikulumbira pa ubatizo wanga.

Patapita zaka ndinamupeza Rozina. Anali atakula, akugulitsa matimati pamsika, chipsera cha phala chili padzanja pomwe chinali. Atandiona anadzuka, matimati n'kumwazika.

"Papa, mwabwerako? Nanga amayi mwawapeza?"

Abale anga, kumeneko amene adamwalira ku kampu ndi Marita, ndipo bambo wa mwanayu anamusiya yekha n'kukwera chapa kukafuna Milange amene mkazi wake ali moyo, kutanthauza kuno, kunyumba kwanga, kumene ine ndinasiya Marita wamoyo akusenda chinangwa. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo ngakhale pa nkhondo. Ndikatsala ndataya mkazi, ndikabwerera ndaikanso mwana kachiwiri. Ndinathawa ngati wakuba.

Koma pobwerera utsikira pati, poti siteji iliyonse ndi Milange? Ndinatsika pamene mtima unandiuza, ndipo mpaka lero m'mawa uliwonse ndimamuyang'anitsitsa Marita akamasesa, n'kumufunsa chimene Rozina anapempha pomaliza. Amati nzimbe. Koma a Marita onse angayankhe chomwecho, ndipo chapa ikaima pamsika pano ndimayamba ndaona amene akutsika, kuopa kuti mwini nyumba weniweni wafika.

Ukuti chiyani, Alifonso? Unandiona ku Mongue? Chabwino. Tcheni anadukira ku Mongue, ndinakhala masiku atatu pansi pa mtengo wa mango ndikulira, mpaka Marita anabwera wapansi kudzanditenga, njinga akukankha yekha. Zimenezo n'zoona. Koma pasapezeke wondiuza kuti dziko lili ndi mpanda, chifukwa likakhala ndi mpanda, mwana wanga sakugulitsa matimati kwina kulikonse.