Mbatata za mu Gemu ndi Mbuzi ya Nabanda

Wotsutsa aimirire nditsirize naye msanga, apo ayi siyani bawoyo kaye mumve. Inu mumanyada ndi timagemu ta m'foni tosisita ndi chala ngati mukuyeza ufa, koma pa Nsaru pano amene anaisewera gemu mpaka iyo kupempha madzi ndi ine, Mbewe. Ndikulumbira pali manda a amalume anga.

Chinali chaka chomwe alamu anga aBanda, achimwene a mkazi wanga Nabanda, anabwera kuchokera ku Joni ndi kanema, batire ya galimoto ndi kamakina ka gemu kolowetsa makaseti, n'kuzitchera pakhonde la golosale yawo. Kaseti yoyamba inali yamanyazi. Kamunthu kake kanali komangidwa ndi timabokosi ngati njerwa, nkhope ndi nkhongo osasiyana, mitundu inayi basi, ndipo kankangothamangira kutsogolo ngati kathawa msonkho. Koma atabweretsa gawo lachiwiri, msika unaima. Kamunthu kaja kanali katameza nsidze n'kumaphethira, mitambo ikuyenda payokha, udzu wobiriwira mwakuti mbuzi za ku Kabudula zinamva mphekesera n'kubwera kudzanyambita galasi, ndipo kamtsinje ka m'menemo kankanyezimira moti amayi awiri anandanda ndi zidebe, wina n'kutungadi theka. Mukumva? Theka la chidebe, mu Okutobala.

Mukudziwa chilamu, ndi chipongwe chokhachokha. Tsiku lina masana aBanda anati, anthu ali gwa, “Alamu, zala zanuzo n'zosokera fodya, izi zimafuna anthu oyenda.” Mtima unandiwira. Ndinati ndikafika pachitseko cha kumapeto kwa gemuyo wotchi ya pamwamba pa kanemayo isanathe, andipatse chipewa chawo cha ku Joni, ndipo ndikalephera atenge mbuzi yanga. Pakamwa n'poipa. Mbuzi imeneyo sinali yanga, inali ya Nabanda, yoyera, yodula khutu lamanzere, ndipo anaisunga miyezi yambiri kudikira chinkhoswe cha mwana wathu Esinala chomwe chinali m'masabata awiri.

Anandipatsa kogwirira ka mabatani, n'kundiuza kuti ili ndi lodumphira, ili lozulira, miyoyo ndili nayo itatu. Ndinati iwiriyo asungire ofooka.

Ndinangodina kamodzi. Kamunthu kanadumpha, kubowola denga la kanema, kudutsa malata a aBanda, kukwera mpaka ndege yomwe inkatsikira cha ku Chitukula inakhota kukapatsa njira, ndipo pobwerera kanatera ndendende pathabwa loyandama m'mwamba pamwamba pa dzenje lopanda pansi, katanyowa ndi mame a m'mitambo. Kuchoka apo ndinalumpha matabwa makumi asanu osaponda lachiwiri, ndinapondereza anankafumbwe ovala zipewa mpaka ena anavula zipewazo kundipatsa moni, ndinakwera chingwe ndi dzanja limodzi lina ndikukanda msana wanga weniweni, ndinadutsa m'phanga la mdima lomwe aBanda ankafa tsiku lililonse, ine nditatsinzina, kungotsata kanyimbo kake kaja ka tiri-tiri komwe kanachititsa nkhuku ya aneba athu a Chisale kuikira mazira atatu motsatira ng'oma. Mabatani anayamba kufuka. Batire inatha, kanema n'kuzima, koma ine osasiya, ndinangoluma waya ndi mano ndipo kanema anayakanso ndi mphamvu ya m'thupi mwanga, mitundu n'kuwala kuposa kale. Mukukayika? Onani dzino ili, lidakali lakuda.

Ndiye ndinatulukira pamunda.

Abale anga, munda umene uja. Dothi lofiira bwino ngati la ku Kasiya, masamba ali ngwee, ndikadina lozulira mbatata ikutuluka yaikulu ngati mutu wa mwana, yosalala, yopanda ngakhale chibowo cha nankafumbwe. Chitseko cha kumapeto chinali apo, ndikuchiona, ndipo pakhomo pake panaima chimbalame chonenepa cholavula moto. ABanda akuti, “Igendeni ndi mbatatayo, alamu, ndiyo ntchito yake.”

Ndinawayang'ana. Kugenda ndi chakudya? Ine amene ndinaiona njala ndi maso awa, tikudya gaga wosakaniza ndi mizu, ndikagende mbalame ndi mbatata? Amene anapanga gemu ija ndi anthu anzeru pa zojambula, koma khasu sanaligwirepo. Munda wonse wopanda mzere ndi umodzi womwe, mbewu zongomwazika, udzu ukupikisana ndi mbatata, mwini wake osaoneka. Mtima unandipweteka, ndikunena zoona. Mlimi sadutsa munda wokhwima dzuwa likadalipo.

Ndinayamba kukumba. Ndinazula phando loyamba, kunyamula pamutu, kubwerera nalo kukaunjika pansi pa mtengo, kubweranso, kuzula lachiwiri, chimbalame chikulavula moto ine n'kuotcherapo ziwiri zoti ndizidya ndikugwira ntchito, mpaka fungo linatulukira kuseri kwa kanema agalu n'kusonkhana. Ndinapalira, ndinaunga mizere yopingasa kuti madzi asakokolole nthaka, ndinasunga kholowa wa mbewu ya chaka chamawa. Mulu unakula mpaka kanema anapendekeka mbali imodzi, tinachita kuika njerwa. Anthu akukuwa kuti wotchi, wotchi, kanyimbo kathamanga ngati kwaya yochedwa ku maliro, ine ndikuti kwatsala phando limodzi.

Ndinalizula phando lija. Ndinatembenuka, kulumpha chimbalame, dzanja la kamunthu kanga n'kukhudza chogwirira cha chitseko, ndipo wotchi inathera pomwepo. Kamunthu kanazungulira, kugwa chagada, kanema bii. Mbatata zonse zinapita. Ndinapempha miyoyo iwiri ija, aBanda akuti ndinaigawa kale kwa ofooka, mboni zilipo.

Mbuzi aBanda anabwera kudzaitenga kudambo komwe ndinkaimangirira. Kunyumba ndinanena kuti yagwidwa ndi fisi, dzuwa lili pamutu, ndipo ndinamufotokoza fisiyo mpaka mawanga ake. Masabata awiri aja ndinaonda, lamba ndinaboola mabowo atatu atsopano, poganiza kuti akuchimuna adzafika n'kudya nyemba pachinkhoswe cha mwana wanga woyamba.

Tsikulo linafika. Ankhoswe akhala, anthu adzaza bwalo, ndiye tikuona aBanda akubwera, chipewa cha ku Joni pamutu, akukoka mbuzi yoyera yodula khutu lamanzere. Paja iwo ndi malume wa Esinala, mwini mbumba. Anati, “Mwana wa mlongo wanga sangakwatiwe ndi nyemba.” Nthungululu zinamveka mpaka ku Mpingu, amayi kuyala zitenje kuti apondepo, akuchimuna kuwagwira chanza ndi manja awiri, ine ndili kumbuyo, andituma kukasenda.

Choncho musanditsutse, m'dziko muno palibe anakolola munda wa gemu ija kupatula ine. Kungoti ndikusenda mbuzi ija, Nabanda anabwera ndi beseni, anagwira khutu lija, kuliyang'anitsitsa, n'kunena motsitsa mawu, “Fisi wanu uja ndi waulemu, eti bambo a Esinala? Wabweza.” Mpaka lero ndikapempha chiwindi kwathu amandiuza kuti ndikakumbe mu kanema.