Kuonera Filimu ndi Nkhongo

Lolemba
Kalata yochokera kusukulu ya Chisomo. Akuti pali filimu ya ana otha msinkhu, kholo lionere limodzi ndi mwana, likambirane naye, lisaine pofika Lolemba likudzali. Popanda siginecha palibe malikisi. Ine bambo, kukhala pasofa ndi mwana wamkazi anthu akupsompsonana? Zosatheka! Amayi ake ali ku Dedza. Imeneyi ndi ntchito ya nankungwi. Ndimusaka muno mu Dunoon, ku Cape Town.

Lachiwiri
Oyenera udindowu:
1. Mchemwali wanga kumudzi, pafoni.
2. Mayi Banda a Mvano, khomo loyandikana.
3. Palibenso.

Lachitatu
Ndikuimbira mchemwali pavidiyo, foni yaloza TV kuti aione kaye. Netiweki ikuima, ndipo yaimira pamilomo penipeni. "Achimwene, kodi ku Cape Town munapitira zimenezi?" Mudzi wonse wamva.

Lachinayi
Mayi Banda avomera, koma ayambe aionera okha. Zofunika: nkhuku, chitenje chatsopano, rimoti. Ndapereka zonse. Mtima pansi!

Lachisanu
Ndikubwera kuntchito ku Maitland, m'chipinda mwanga muli amayi asanu ndi awiri. Akulira! Akuti mnyamata wa mufilimuyo ndi galu weniweni. Chisomo amutulutsa panja, ati si za ana. Nkhuku yatha.

Loweruka
Akuibwereza. Amayi khumi, wina wabwera ndi mpando wake. Langizo lomwe Chisomo walandira mpaka pano: akagule buledi.
Ndikulakalaka kulira nanenso.

Lamulungu
Basi, kwatsala ine. Mpando ndauloza kukhoma, rimoti ali nayo Chisomo. Ndikuonera ndi nkhongo.
"Adadi, tsekani makutu."
Ndikutseka.
"Tembenukani, amaliza."
Zomwe ndaona: basi, mvula, mphaka, kenaka mtsikana akulira pakhonde chifukwa bambo ake samulankhula. Apa palibe wondiuza kuti ndiyang'ane kumbali. Chisomo sakuyang'ana TV, akuyang'ana ine.
Ndikubwerera kukhoma ndekha. Ndikulifunsa khomalo ngati kusukulu kuli mnyamata wina wake. Khoma likuyankha ndi mawu a Chisomo kuti dzina lake ndi Sipho, ndipo filimuyi anaionera naye kale kawiri.
Sindinafe. Tacheza mpaka tiyi kuzizira.
Ndasaina pamzere wa kholo lomwe latsogolera mwana. Kunena zoona, pamenepo akanasaina iyeyo.