Mabatire anandimwetsa madzi a m'damu

Mpaka lero anthu a ku Masasa akandiona amati "bambo a m'madzi aja", ndipo sindiwadzudzula, chifukwa dzinali ndinadzipalira ndekha.

Ntchito yanga ndi yokonza mabatire ku Luwinga. Alamu anga, a Gondwe, ali ndi boti ku Nkhata Bay lokoka alendo ataima pa timatabwa tiwiri, chingwe chili m'manja. Mafuta atasowa botilo linangokhala, iwo n'kumaswera pamzere ndi zigubu. Ndiye pakamwa panga (pamakonda kutsogola, nzeru zikubwera m'mbuyo) panati, "Alamu, mafuta n'chiyani? Ine boti nditha kuliyendetsa ndi mabatire."

"Mukatha zimenezo, maboti a anzanga onse mukonza ndinu," anatero. Ntchito imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, poti pashopu panali patauma.

Tinabwereka kaboti n'kukayesera padamu la nsomba la mnzawo, kuseri kwa Masasa. Ndinamangirira mota, n'kulongeza mabatire a lole asanu ndi atatu. Ine ndinkangoganiza za mphamvu, za kulemera ayi. Kaboti kanatsika mpaka madzi kufika m'milomo. A Gondwe anakhala pachiwongolero, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndikudzikhulupirira, pamatabwa ndinaimapo ndine (mwana wa ku Ndirande, wodziwa madzi a m'bafa okha).

Chimene sindinkadziwa n'chakuti matabwa aja amayandama pokhapokha boti likuthamanga. Lathu linanyamuka ngati kabaza wokwera chitunda atasenza matumba a makala. Matabwa analowa pansi, ine ndinawatsatira, koma chingwe osasiya, kuopa manyazi. Ndinazungulira damu lonse mutu wokha uli pamwamba, kuzizira kwa Juni kwa Mzuzu kuli m'mafupa, ndikumwa madzi a nsomba za eni ake.

Atandivuula ndinakhala pamsipu mano akugundana, ndikudziwa kuti ntchito yapita. Koma a Gondwe anabwerera m'kaboti kaja n'kuzunguliranso katatu.

"Zokoka munthu, apa yayi, zakanika chomene," anatero potsika. "Kweni phokoso mwalimva? Palibe. Utsi palibe. Alendo oonera mbalame amadana ndi injini. Ichi mundikonzere, alamu."

Ndinasangalala mpaka kuiwala kuti nsapato imodzi yatsala m'matope.

Lero boti lawo likuyenda mwakachetechete ndi mabatire anga, ndipo anzawo ayamba kundiimbira foni. Za matabwa zija sindinagonje, ndikusaka mabatire opepuka. Alamu avomera kuti tidzayesenso, koma akuti kuchingwe tidzamangirira thumba la chimanga, chifukwa mlongo wawo sanakonzeke kukhala namfedwa.